Mapointi a Nsungwi

Lolemba, 3 Marichi

Kabuku kokumbukira zaka 30 za ligi yaikulu ya basiketibolo ya amayi kafika. Tsamba 12: woponya mapointi ambiri pa masewero amodzi akuti ndi mtsikana wa chaka chatha, 38. Bodza lamkunkhuniza! Akulu anga anaponya 41 pa fainolo ya chaka choyamba. Wolemba mapointi pa tebulo tsiku limenelo ndinali ineyo. Mtima ukuwira.

Lachitatu, 5 Marichi

Ku ofesi ya ligi. Mlembi, mnyamata chabe, wakhala pansi pa chithunzi cha timu yathu, koma sadziwapo ngakhale nkhope imodzi. Watulutsa pepala langa la mapointi a fainolo ija m'fayilo, lofiirira ndi ukalamba.

"Amayi, apa palembedwa Nsungwi. M'kaundula mulibe munthu wotchedwa Nsungwi."

Nanga n'kanalemba chiyani? Nsungwi linali dzina la akulu anga la pabwalo. Masiku amenewo tonse a pa tebulo tinkalemba mayina a pabwalo. Mpira ukuthamanga, anthu akukuwa "Nsungwi! Nsungwi!" iwe n'kumakumbukira dzina la pa setifiketi?

Akuti ndibweretse mboni zitatu zimene zinasewera tsikulo, imodzi ya timu inayo, pofika pa 14 Marichi. Apo ayi, zolengeza pa mwambo wokumbukira zaka 30 zikhala zomwezo.

Lachinayi, 6 Marichi

Ndawauza akulu. Ndawapeza pakhonde akudzola mankhwala m'mawondo otupa aja. "Zisiye, mng'ono wanga, mwanayo amasewera bwino." Koma tsamba 12 analiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kuika kabukuko kunsi kwa mpando.

Akulu ndi anzawo ankasesa okha bwalo la simenti, manambala a pa malaya ankasoka okha. Ligi anaiyamba ndi mawondo awo. Ndiye dzanja langa lomwe n'limene lawafufuta. Sindikudziwa wom'kwiyira kwambiri, mlembi kapena ine.

Loweruka, 8 Marichi

Awiri a timu yathu asaina. A timu inayo ena anatisiya, ena sakudziwika komwe ali. Watsala Chigongono, yemwe anawagulula akulu dzino pa fainolo yomweyo. Zaka 30 osapatsana moni.

Lachiwiri, 11 Marichi

Ndamuimbira. "Mwandikumbuka lero?" Foni thii. Mfiti!

Lachisanu, 14 Marichi

Tinapitabe ndi mapepala awiriwo, akulu akutsimphina pambuyo panga. Kulowa mu ofesi, Chigongono ali kale pa benchi, imvi mbuu, ndodo pamiyendo. Ine sanandiyang'ane n'komwe.

"Nsungwi iwe, wafupika bwanji?"

"Iwenso zigongono zatha, zatsala ndodo."

Mlembi anam'patsa pepala. Anawerenga pang'onopang'ono, n'kulikankha.

"41 sindisaina. Mpira womaliza uja anaponya wezulo italira kale. Ndakhala ndikunena zaka zonsezi, palibe wondimva. Mng'ono wakeyu analemba mwachibale."

Ndinaimirira, nkhope itatentha. Akulu anandigwira siketi.

"Ndiye anali angati, amayi?" anafunsa mlembi.

"39. Ndinkamutchinga ndine, ndinawawerenga onse. Mpaka lero amandiwawa."

Anakhwatcha 41, n'kulemba 39, n'kusaina mokanikiza mpaka pepala kuboola. Mlembi anayang'ana 38 ya m'kabuku, n'kutsegula kaundula.

"Amayi Nsungwi, dzina lanu lonse ndani?"

Akulu anawongola msana. Anayamba kulitchula pang'onopang'ono, kuti mnyamatayo asaphonye chilembo.