Mkono wa Sekela

Uyole, Mbeya
14 Juni

Wokondedwa mlongo wanga Gwamaka,

Ndikhulupirira uli bwino ku Dar es Salaam kumeneko, pamodzi ndi mlamu ndi ana. Kuno kuzizira kwafika, koma tikudzuka. Amayi ayamba kumeza phala osatsamwa. Mkono wamanja sukugwirabe ndipo pakamwa pakadali pokhota. Dzulo amafuna kutchula dzina lako, litawakanika anangolira.

Ndalemba kalata chifukwa izi si za pa foni. Sekela, mkazi wa mng'ono wako Lusajo, sachoka pafupi ndikamayankhula nawe.

Ukukumbukira kamakina koyezera bipi unatumiza pa Khirisimasi kaja? Tinagwirizana kuti poti Sekela ndiye akukhala ndi amayi, aziwayeza m'mawa asanamwe tiyi ndiponso madzulo, n'kumalemba m'kope. Kopelo ndaliwerenga lonse. Ndi laukhondo, mizere yowongoka, tsiku lililonse 130 pa 80, pena 128 kuti zioneke zenizeni. Dokotala ataliona mu Marichi anayamikira, n'kuwachotsera amayi piritsi limodzi. Mu Meyi amayi anagwa akusenda nthochi.

Chinanditsegula maso ndi Epulo. Amayi anakhala milungu iwiri ku Tukuyu pa maliro a amalume, ine ndili nawo komweko, kamakina katatsala kuno. Koma m'kopemo masiku onsewo ndi odzaza. Kaya mlamu wathu ankawayeza pa mphepo.

Kamakinako ndinapita nako kwa anesi. Kodi unkadziwa kuti kamasunga zonse zimene kayeza, ndi tsiku lake lomwe? Atadina batani zinatuluka. Amayi anayezedwa sabata yoyamba ya Januwale basi. Kenako zii, mpaka mu Epulo pamene kanayeza kanayi, ife tili ku maliro, ndipo konseko kanati 190 pa 110 kapena kuposa. Anesi anakayerekeza ndi makina awo, akuti kalibe vuto. Anandigwira dzanja n'kunena kuti mwini mkono umenewo abwere mawa lomwe, chifukwa angagwe tsiku lililonse ngati amayi. Ndinawalonjeza kuti ndikamuuza.

Kunyumba ndinamufunsa Sekela mofatsa, ngati nkhani yocheza. Manyazi alibe mkazi ameneyu. Akuti amayi ankadandaula kuti kamafinya mkono, iye makasitomala a mandasi akumudikira kumsika, ndiye kope ankangolidzaza Lamlungu, sabata yonse kamodzi. Akutinso kamakinako ndi kabodza, anakayesa yekha mutu ukumuwawa, kanamupatsa manambala a nkhalamba. Eti mlamu, ine wa zaka 34, wonona chonchi, bipi ndiitenga kuti? Tizinthu ta achimwene anu a m'tauni n'toseweretsa ana. Anatero akuseka. Za sitiroko ya amayi akuti tikafunse abale a ku Tukuyu amene akulimbirana munda wa amalume. Pepani sanandipatse ngakhale wa bodza.

Gwamaka, papita milungu itatu ndipo sindinamuuze uthenga wa anesi.

Akamamanga mpango m'mutu n'kumati maso akuona tinyenyezi, ndimamupatsa panado. Amayi ndimawaphikira kamphika kawo kopanda mchere, koma mumphika wathu dzanja sindilibweza, ndipo mchere wina ndimauika pafupi ndi mbale yake. Amakonda dagaa wokazinga, tinsomba touma tija, ndiye ndimamugulira. Akuti sanadziwe kuti ndine mlamu wabwino chonchi.

M'mawa uliwonse amayi ndimawayeza pakhonde, atakhala phee pa mpando, mkono uli pa tebulo monga anesi anandiphunzitsira, ndipo manambala ndimawatchula mokweza kuti Sekela amve. Lachiwiri anatambasula mkono wake moseka, akuti tayesaninso kabodza kanuko. Ndinamuyankha kuti mabatire afooka, tiwasungire amayi. Ndinali nditaika atsopano dzulo lake.

Ndimadana naye, sindikubisa. Ndikamawasambitsa amayi, mayi amene ankakwera phiri ndi mtolo wa nkhuni, lero akubisa nkhope chifukwa anyowetsa zofunda, mumtima ndimati naye adzagone pamenepa, nane ndidzamulembere 130 pa 80 m'kope loyera. Kenako ndimaona kamwana kake Tumpe kakumukoka chitenje. Koma ndikatsegula pakamwa kuti ndimuuze, amayi amayesa kundiitana m'chipinda, mawu osatuluka, ndipo ndimatsekanso.

Lusajo ali pa msewu wa ku Lubumbashi ndi lole yake, foni sikupezeka. Watsala ndiwe. Kamakina unagula ndiwe, ndiye ngati ukufuna kuti mayi wa Tumpe akhale ndi moyo, umuimbire umuuze apite kwa anesi. Ine sindingathe, ndipo sindikudziwa ngati ndikufuna. Ukazengereza usadzandifunse kanthu.

Undipatsire moni mlamu ndi ana onse. Mulungu akusunge, ndipo ngati ali ndi mpata andikhululukire. Ndilekere pano, Sekela akuitana kuti mutu wayambanso, ndipo dagaa ali pa moto.

Ndine mlongo wako,
Tusekile