Masitepe a ukwati wa Nyaradzo

Lolemba, 5 Ogasiti

Basi, matenda anga apezeka dzina: endometiriyosisi. M'kombi yochokera m'tauni ya Gweru ndaliyeserera njira yonse mpaka kudziluma lilime. Adokotala akuti minofu yonga ya m'kati mwa chiberekero ikumera kunja kwake, n'chifukwa chake msambo umandigwetsa chonchi. Andipatsa mapilitsi, ati ndiziyenda pang'onopang'ono m'mawa, ndizidziwongola, ndichepetse nkhawa. Pa nkhawapo ndaseka. Mng'ono wanga Nyaradzo akukwatiwa pa 24, ndipo wotsogolera operekeza mkwati ndine, wazaka 34, wopanda ngakhale wondifunsa njira.

Kunyumba sindinauze munthu.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Masiku atatu ndikuzungulira bwalo la sukulu mbandakucha. Zoona msana wapepukako, tulo ndikugona. Ndiye mutu wakula. Ndadziuza kuti ngati kuyenda kukuthandiza chonchi, masitepe a ukwati andichiritsiratu. Tawanda, wotiphunzitsa kuvina, amatidumphitsa maola awiri pa nsapato za gogoda, wezulo kukamwa. Ine patsogolo, kudumpha kuposa tiatsikana ta zaka 19. Ine Dokotala Rumbidzai ndadzilembera ndekha mankhwala!

Loweruka, 10 Ogasiti

Ndakhala pansi pakati pa nyimbo. Osati kugwa kwaulemu ayi, kungoti phwata, miyendo uku ndi uku. M'mimba ngati wina akupotokola nsalu yochapa. Mzere wonse wasokonekera kumbuyo kwanga.

Azakhali, amene amabwera kudzayang'anira ngakhale palibe wowaitana, anauza amayi motsitsa mawu, koma kutsitsa kwawoko mpaka kuchipata kumamveka: akuti ndi nsanje, wamng'ono wayamba ndiye. Nyaradzo anamva. Sanandiyang'ane.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Botolo la madzi otentha ndiye mwamuna wanga, ndipo sadandaula.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Ndayesa zopuma mozama zochepetsa nkhawa m'chimbudzi cha kuntchito. Kukoka mpweya, kuwerenga mpaka 4, kutulutsa. Pofika pa 3 ndinali nditawayankha kale azakhali mayankho asanu ndi awiri mumtima. Foni ikangolira ndi uthenga wa gulu la ukwati, ululu umadzuka ngati wauitana dzina.

Bwanji osangonena? Ndilembe pano poti pepala silinena miseche. Adokotala anati ena matendawa amawavutitsa kutenga mimba, komanso nthawi zina amayenda pachibale. Azakhali akamva m'mawa, masana akuchimuna amva. Anthu aja anapereka ng'ombe, akuwerengera kale zidzukulu. Bola anditche wansanje kusiyana n'kuti ayambe kumuyang'ana mwanayu pamimba asanalowe n'komwe m'tchalitchi.

Kudzimva ngwazi kwake. Komatu zikundiwawa, ndalira.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Uthenga wa Nyaradzo m'mawa: "Sisi, ngati simukufuna ingonenani." Ndiye ine, mwini nzeru, ndameza mapilitsi n'kupita kukawaonetsa. Ndavina nyimbo zonse zitatu mano nditaluma, kenako ndakasanza kuseri kwa holo, nkhuku za eni ake zikundionerera.

Pobwerera ndapeza msuweni wathu Chenai ataima pamalo panga. Nyaradzo wati ndipume, akuona kuti ukwati wake ukundilemera. M'malo mofotokoza, pakamwa pangapa pati zikomo kwambiri, nsapatozo zimandithina kale. Ndinamuphunzitsa kuyenda mwana ameneyu, lero wandidutsa ngati mlendo.

Lolemba, 19 Ogasiti

Masiku awiri chigonere. Lero ndabwerera kubwalo, mwaulemu, ngati nkhalamba yopita ku sikelo. Kuzungulira kawiri basi. Nyaradzo sakuyankha foni.

Lachitatu, 21 Ogasiti

Ndamupeza kwa telala akuyesa diresi, mapini thupi lonse, woti sangathawe. Telala atatuluka ndatseka chitseko n'kunena zonse. Dzina lija ndalilakwitsa kawiri. Ndamuuza za kusanza, za ululu wotsikira m'miyendo, za masiku amene ndimakwawa popita kubafa, ndi chifukwa chimene ndinabisira. Ndinakonzeka kuti andikalipire, kapena alire, tikumbatirane, ine ndioneke woyera mtima.

Iye anapitiriza kuyang'ana pagalasi. Kenako anafunsa ngati ululuwo umabweranso pochita chimbudzi masiku amenewo. Ndati eya. Anafunsa ngati umayamba msambo usanafike. Ndati eya, wadziwa bwanji?

"Ine ndimayesa ndi mmene zimakhalira kwa aliyense," anatero. "Ndimaona inu mukupirira osanena kanthu, ndiye nane ndimapirira."

Anakhala pansi pa benchi, diresi ndi mapini ake omwe, manja ali pamimba.

"Sisi, adokotala anuwo mawa amagwira ntchito?"