Zipolopolo zakale za Bambo

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Nampulako. Ife kuno ku Matundo tilipo, kungoti ine mtima suli m'malo.

Bambo anabwera Lachiwiri kuchokera ku Tsangano atakulunga chipolopolo chimodzi m'kansalu. Nguluwe zikuwathera chimanga, ndiye amafuna ndiwapezere zipolopolo zina za mfuti ya agogo ija. Tinakwera chapa, kaminibasi kathu kaja, n'kuoloka mlatho kupita m'tauni, tinalowa m'maloja atatu a malonda koma osazipeza. Wogulitsa wina anachitembenuza n'kuseka: "Madala, izitu anasiya kupanga ine ndisanabadwe."

Pobwerera m'pamene Bambo anandiuza kuti zawatsalira zinayi, zonse zochita dzimbiri, ndipo amaziyanika padenga la malata kuti onga "udzuke". Mwezi watha akuti anakhethemula, mfuti osalira. Akuitembenuza kuti asuzumire mumpope, inalira n'kuulutsa chipewa pamutu pawo. Amafotokoza akuseka, Achemwali!

Ndinawalongosolera bwinobwino kuti onga wakale umachedwa kuyaka, mpaka ndinawajambulira papepala. Iwo anangoti, "Iwe sukulu inakupatsa mantha. Nguluwezo ndikaziwerengere pepala lakoli?" Lachinayi anabwerera kumudzi, ngakhale chimodzi chija anakana kundisiyira.

Chonde aimbireni foni, inu amakumverani. Za chipewa musatchule, angadziwe kuti ndaulula. Ine mawu andithera. Masiku ano foni yakumudzi ikalira, ndimayamba ndakhala pansi ndisanayankhe.

Mulungu akusungeni nonse, ndipo Bambo muziwapempherera mpaka akolole.

Ine mlongo wanu,
Fernando