Mbande zanga azizula

Lachinayi, mwezi wa Disembala. Tsiku loipa.

Mbande zija anandipatsa ku nazale ya gulu lathu ku Limbuli, za mbawa, mikuyu ndi nsungwi, lero azizula zonse. Ndinazidzala m'mbali mwa chigwembe chakuseri kwa nyumba, monga anandiuzira alangizi a zankhalango, kuti mizu igwire dothi. Pochokera kothyola tiyi ndazipeza zili mulu pakhonde, zitafota kale.

Azula ndi alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga. Sanabise n'komwe. Akuti, "Alamu, chimanga dzalani, chinangwa dzalani, koma mtengo ayi. Mkamwini akayamba kudzala mbawa ndiye kuti malo akuwayesa ake."

Ndawauza kuti malo awo sindikuwafuna, ndikungofuna nyumba isagwe. Angoseka. Mayi a ana anali pomwepo akusankha nandolo, osadzutsa ngakhale mutu. Chandiwawa kwambiri n'chimenecho.

Kuphiri mitambo yada kale. Chigwembe chatsala pang'ono kufika pakhoma, ndipo khoma limenelo ndi la chipinda chogona ana. Anawo paja alamu amati ndi mbumba yawo. Kaya madziwo akamadzabwera adzayamba afunsa kuti mwini malo ndani...