Mphatso Amene Anamulemba Mfatso

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko kumene munatitsogolera? Pepani kuti ndikukusokonezani pa mpumulo wanu. Munavutika nafe mokwanira, ndipo sindikadafuna kukutsatirani ndi nkhani ina. Koma mukudziwa kuti ine pakamwa mpolemera, za mumtima ndinkangouza inu nokha. Kalatayi ndinayamba ndailemba pa pepala lina, kenako ndakopera pano, kuti musapezemo zofufutafufuta.

Kuno ku Lifidzi tili bwino. Chimanga cha munda wa kumtunda chachita bwino, nkhokwe yatsala pang'ono kudzadza. Nyemba nazo tapeza. Kachewere wa kudimba yekha ndiye anapsa ndi chisanu, chifukwa ndinachedwa kubzala, ndipo ndavomera kuti kulakwa nkwanga. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa ana awiri. Anasitaziya wa amalume Bonifasiyo wabereka mwana wamkazi, ndipo amutcha Veronika, dzina lanu. Ndikamunyamula ndimachita manyazi kumutchula dzinalo, ndimangoti "amayi," anthu n'kumandiseka. Kumanda ndinakalambula Loweruka, maluwa ofiira aja agwira.

Tsopano ndikuuzeni nkhani yomwe yadzadza m'kamwa mwa anthu. Ndi ya mpira, Amayi, musaseke. Akuti liga yaikulu ya dziko lino, ija timangoimvera pa radiyo, ifuna kuwonjezera ekipa ziwiri, kapena kuti matimu awiri, koma sanalengeze kuti zichokera mizinda iti. Ndiye aliyense wasanduka woweruza. Kuchigayo, kumsika, ngakhale pabwalo la tchalitchi Misa ikangotha, nkhani ndi yomweyo. Ena akuti Moatize, chifukwa kuli njanji ndi nyumba zogona alendo. Ena akuti Cuamba, ena Mocuba. Amalume Bonifasiyo safuna kumva zimenezo, mtima wawo uli pa Ulongwe, tawuni yathu ya pafupiyi.

"Ulongwe basi!" amatero. "Dziko lonse likudya kachewere wathu, alephere bwanji kutipatsa mpira? Abwere kuno a ku Maputo aja. Chisanu chikawagwira mawondo, tidzawamwetsa zitatu asanavule majuzi."

A Gomesi a kuchigayo amawayankha kuti, "Inu a Bonifasiyo, kampu yanu ya mpira yopanda mpanda ija? Mpira uli mkati mbuzi zikudutsa pakati? Mudzati anthu alipire pakhomo, khomolo lili kuti?"

Ine ndimangomvetsera ndili pamzere ndi thumba langa. Palibe amene ankadziwa kuti pa anthu onsewo, amene ankafunitsitsa kuti malowo agwere Ulongwe ndinali ineyo, amene sindidziwa ngakhale lamulo limodzi la mpira.

Chifukwa chake ndi Mphatso, mlongo wanga, mwana wanu wotsiriza. Akugwirabe ntchito yonyamula katundu panjinga ku Kalomwe, ndipo Lamulungu amakhalabe pagolo. Munkati "mpira sudyedwa," komabe ndinu nomwe munkamusokera magolovesi ake akang'ambika, mukunamizira kuti mukungoyesa singano. Wakula, Amayi. Miyezi iwiri yapitayo kunabwera mphunzitsi wa ekipa ina ya ku Moatize, imodzi mwa zomwe zikuyembekezera malo aja. Anamuonera masewera amodzi okha n'kumuitanira pambali. Anati akufuna wapagolo wachinyamata, ndipo Mphatso apite akalembetse. Koma mapepala ake akhale olongosoka, chifukwa mayina a osewera atumizidwa mwezi uno usanathe, malowo asanalengezedwe n'komwe.

Pamenepo mpomwe nkhani ya dzina ija inadzukanso. Mukukumbukira chaka chija anabwera anthu olemba mabilyete, ziphaso za unzika zija, m'midzi? Mlembi uja anali wa kutali, sankadziwa Chinyanja. Ataona zilembo za "ph" anaziwerenga ngati "f," n'kulemba kuti Mfatso. Bilyete itafika munaseka mpaka munakhala pansi pakhonde. Munati, "Andisinthanitsira ana! Wofatsa ndi Luziyayu, winayu ndi kamvuluvulu." Tonse tinaseka, ndipo zinathera pomwepo, poti khasu ndi njinga sizifunsa dzina. Koma liga imafunsa. Pa mapepala onse a mpira, kuyambira ali wamng'ono, iye ndi Mphatso. Pa bilyete ndi Mfatso. Mphunzitsi uja anati a liga akapeza mayina awiri amayesa kuti ndi anthu awiri, ndipo ekipa imalangidwa kuti yabera. Ku ofesi ya mabilyete anamuuza kuti abweretse sedula yake, kabuku kaja kobadwira, kamene kanalembedwa bwino. Popanda iko, kufufuza m'mabuku akale kungatenge miyezi.

Amayi, apa ndiye pamene ndakulemberani kalatayi. Sedula ija inali m'chitini chanu cha mapepala, momwe munaisiya, yokulungidwa m'kansalu kobiriwira. Mphatso atandifunsa, ndinaichotsa n'kuibisa pansi pa mtsuko wa mbewu ya nyemba. Ndinamuuza kuti chiswe chinadya. Ine, amene munkanditamanda kuti sindinanamepo, ndinanama ndikumuyang'ana m'maso.

Ndinkadziuza kuti ndikumvera inu. Tsiku lija kuchipatala, mutatigwira manja tonse awiri, ndinamva mukuti, "Ana anga, musasiyane." Mawu amenewo ndinawasunga monga ndimasungira mbewu. Ndinkaganiza kuti, adikire pang'ono. Mwina malowo agwera Ulongwe, adzasewera liga yomweyo akugona m'nyumba ya kwawo. Ndinkapempherera Ulongwe kuposa amalume Bonifasiyo. Ndinkadzikumbutsanso kuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, ndipo Moatize nkotentha, nkwa fumbi la makala, ndani akamuphikira akadwala? Koma choona chake, chimene sindinkafuna kuchiyang'ana, ndi chakuti ndinkaopa kutsala ndekha m'nyumba muno ndi mpando wanu.

Mphatso sanakalipe. Anangoti, "Chabwino, achemwali," n'kukwera njinga yake.

Lamulungu lapitalo ndinachita chinthu chimene sindinachitepo. Ndinapita kukaonera mpira. Ndinaima kumbuyo kwa azimayi ogulitsa nzimbe kuti asandione. Mukudziwa mmene amakhalira pagolo, poti mawu ake tinkawamvera tili kumunda: kukalipira anzake, kuwaitana mayina, kuwomba m'manja. Tsiku limenelo anali duu. Mipira ankagwira ndithu, koma ngati munthu wonyamula thumba la mwini. Ochemerera ekipa inayo anali atamva za bilyete ija, ndiye anaima kuseri kwa golo n'kumakuwa kuti, "Mfatso iwe! Fatsa uone chigoli! Fatsa, mwana wabwino!" Kale akadatembenuka n'kuwayankha mpaka iwo omwe kuseka. Sanacheuke n'komwe.

Pobwerera anandipeza panjira, anadabwa, n'kundikweza panjinga. Ndinamufunsa za Moatize. Anati, "Zisiyeni, achemwali. Ndingokhala Mfatso yemweyo. Njinga sifunsa bilyete."

Amayi, mawu amenewo anandilasa. Mlembi uja analakwitsa dzina pa pepala pokha, mwangozi. Ine ndinali kulilakwitsa pa munthu weniweni, mwadala. Ndinakumbukira zomwe munkanena tikamakolola, kuti nyemba ikakhwima imathetheka yokha, ukaifumbata kuti isathetheke umangoiwoletsa.

Lolemba m'mawa ndinatulutsa sedula ija, ndinaipukuta fumbi, n'kuiika pamwamba pa chishalo cha njinga yake. Ndinangoti, "Tiye ku vila, ku ofesi ya mabilyete, ndikuperekeza." Anaiyang'ana, anandiyang'ana, n'kungoti, "Kwerani."

Ku ofesi kunali mzere wautali. Titafika kutsogolo tinapeza mayi wina wa magalasi, waulemu ndithu, koma nayenso si wa kuno. Anayang'ana sedula, anayang'ana bilyete, n'kufunsa m'Chipwitikizi kuti, "Kodi si chimodzimodzi? Kuwerenga kwake nkofanana. Mukufuna kudzivutitsa ndi chiyani?" Mphatso anayamba kutentha, mawu akukwera, ndipo ndinaona kuti tibwezedwa. Mukudziwa kuti ine chisiyireni sukulu mu kilasi yachisanu sindinayankhulepo mu ofesi, ngakhale kupempha madzi. Koma ndinangomva pakamwa panga patseguka pokha.

Ndinati, "Pepani a dona, si chimodzimodzi. Taonani pakamwa pangapa. Milomo itsekane kaye, kenako itseguke ndi mpweya: mpha. Mphatso. Ndicho chinthu chimene munthu wapatsidwa. Amayi athu anamubala atataya ana awiri, ndiye anamutcha choncho. Milomo ikapanda kutsekana, limakhala dzina la munthu wofatsa, ndipo ameneyo ndine, si uyu ayi."

Anthu a pamzere anaseka, ine nkhope inatentha ngati ndayandikira ng'anjo. Mayi uja anavula magalasi n'kuyesa. Koyamba kunatuluka "Mfatso" yemweyo. Bambo wina wachikulire kumbuyo kwathu anakuwa kuti, "Tsekani milomo, a dona, musaope, mano sagwa!" Mayiyo anaseka mpaka misozi. Anayesanso, kachitatu anakhoza, ndipo mzere wonse unawomba m'manja ngati chalowa chigoli. Atatero analemba dzinalo chilembo chimodzichimodzi, n'kunditembenuzira pepala kuti ndione ndekha. Ndinawerenga kawiri. Anatipatsa pepala losonyeza kuti bilyete yatsopano ikubwera, ndipo mphunzitsi uja wati limenelo likwanira polembetsa.

Panjira yobwerera, pa chitunda chija timatsika njinga n'kumakankha, ndinalimba mtima n'kumuuza kuti ndinamunamiza. Anati, "Ndinkadziwa, achemwali. Chiswe chodya sedula yokha n'kusiya kalata ya ukwati wa amayi ndi makadi athu a ubatizo a ku mishoni ya Fonte Boa, chimenecho ndi chiswe chophunzira." Ndinamufunsa kuti nanga bwanji sanafufuze yekha, poti nyumbayi ndi yaing'ono. Anati, "Ndikadaitenga mwakuba, ndikadapita bwanji? Ndinkadikira kuti mundipatse nokha."

Ndinalira pamsewu pomwepo, anthu akudutsa. Ndinamuuza za mawu anu a kuchipatala aja, kuti ndinkangofuna kuwasunga. Iye anaimitsa njinga n'kunena kuti, "Amayi sanati musasiyane. Anati musatayane. Ndinali pafupi ndi pakamwa pawo, ndinamva bwino."

Kuyambira tsiku limenelo mawu awiriwa sakundichoka m'mutu. Ndawalemba pa pepala moyandikana, ndawayang'ana, ndawatchula pang'onopang'ono monga ndinamuphunzitsira mayi wa ku ofesi uja. Amasiyana pang'ono pokha, ngati Mphatso ndi Mfatso. Koma anthu angathe kusiyana osatayana, ndipo ndaona kuti angathenso kutayana akukhala m'nyumba imodzi, poti ndi zomwe ndinatsala pang'ono kuchita. Mawu anu anali atachepa tsiku lija, ndipo ine ndinkalira. Mwina ndinamva chimene mtima wanga unkafuna.

Mphatso anyamuka Lachisanu pa shapa yoyamba, minibasi ya m'mamawa ija. Za malo awiri aja sanalengezebe. Mwina Moatize ipeza, mwina ayi, ndipo akhoza kubwerako ndi chikwama chake chokha. Ndamuuza kuti zikatero njinga yake aipeza ili yopopa, munda nawo sudzathawa. Amalume Bonifasiyo akuti Ulongwe ikapeza malo, Mphatso n'kubwera kudzatchinga golo la alendo, asadzaponde pakhomo pawo. Koma dzulo lomweli amubweretsera thumba la kachewere loti akadye kumeneko, akuti asakaiwale kwawo. Ine ndamusokera magolovesi ndi singano yanu ija. Msoko wanga sunafike pa wanu, koma ndabwereza kawiri pa zala.

Ndasiya kupempherera Ulongwe yokha. Tsopano ndimangoti malowo agwere kumene kuli mwana wathu. Ndikulonjeza kuti ekipa yake ikadzalowa, ndidzakhala pafupi ndi radiyo Lamulungu lililonse, ndipo wolengeza akadzalitchula molakwa dzina lija, ndidzamulembera kalata, manyazi ndidzawasiya pakhomo. Ndikulonjezanso kuti m'chitini chanu sindidzabisamo kapena kuchotsamo kanthu mwamseri, ndipo kumanda kwanu sikudzamera thengo.

Chotsala ndi chimodzi, Amayi. Munati musasiyane, kapena munati musatayane? Mphatso ndikumuperekeza ndithu, zimenezo zatha. Koma ndikadakonda kuima pamsewu paja ndikudziwa kuti sindikukulakwirani. Ngati nkotheka mundiyankhe msanga, ngakhale kumaloto, Lachisanu lisanafike. Mutchule pang'onopang'ono, ulendo uno ndimvetsera osalira.

Ndine mwana wanu wokukondani masiku onse,
Luziya, wofatsa uja.