Nyumba Zoyang'anizana pa Bawo la Ababa

Loweruka, 17 Meyi

Mwera kuyambira m'bandakucha. Malata akulira, chitseko cha bafa chikungomenyeka. Azana yoitanira swala ya kumzikiti wa kumsika imabwera n'kuthawanso ndi mphepo. Kumtsinje zii, asodzi sanalowe. Akabaza okha ndi mabelu awo, atavala majuzi ngati ali ku Dedza.

Uthenga wa mawu wa ababa kuchokera ku Joni, pa foni ya amayi. Akubwera pa Idi ya nyama. Mlongo wanga Rahma wavina pakhonde, chonsecho nkhope yawo amaidziwira pa foni pokha. Anapita iye akukwawa.

Kenako za ine. Kompyuta ya msuweni wanga Shafi, imene amaikira anthu nyimbo ndi mafilimu kumsika, inafa. Wapempha laputopu imene ababa ananditumizira. Amayinso anadandaula kuti ndimangodzitsekera nayo m'chipinda. Mawu a ababa: "Hafiz adzandionetse chimene wapanga nayo. Ngati ndi mafilimu okha, aitenge Shafi, ikagwire ntchito."

Si mafilimu. Koma kakalikuleta kamene ndinapanga nditaonera mavidiyo ophunzitsa sindingaonetse munthu. Mabatani otuwa, ofanana ndi a aliyense.

Ndaganiza: bawo. La pafoni, lojambula ndekha, osati zithunzi zotola pa intaneti. Lathu lija linadyedwa ndi chiswe kuseri kwa kabati. Ababa ndimawakumbukira pamenepo basi, ali chogwada pamkeka, nkhomo zili m'manja.

Lachiwiri, 20 Meyi

Pulogalamu imakupatsa malo oyera, amati kanivasi. Mulibe kanthu. Umauza wekha ndi manambala: mzere pano, chozungulira apo, mtundu wakuti.

Chodabwitsa choyamba. Ku masamu y amakwera m'mwamba. Pafoni ziro ali pangodya yakumwamba kumanzere, ndipo y amatsika pansi. Ndimati dzenje likwere, ilo likutsika. Ndaseka ndekha m'chipinda. Amayi panja: "Wayamba kucheza ndi majini?"

Chachiwiri. Ndinajambula nkhomo, kenako thabwa. Nkhomo zonse zii, kusowa. Ndafufuza mpaka tiyi kuzizira. Zilipo, koma thabwa lazikwirira. Chobwera pambuyo chimakhala pamwamba, ngati kuzira nyumba. Thabwa liyambe, maenje, nkhomo pomaliza.

Homuweki ya Jogirafe sindinaigwire.

Loweruka, 24 Meyi

Thabwa lofiirira ngati mbawa, ndi timizere ta mtengo. Maenje alipo koma afulati. Rahma wasuzumira: "Achimwene, mabisiketi?"

Masana ndapita kukaima tsidya la msewu, moyang'ana khonde la che Atumani atelala, pamene azibambo amasewera bawo. Sindinawoloke. Ndimanamizira kudikira munthu. Ndaona: dzenje limadziwika ndi mthunzi. Mbali imodzi mdima, mbali inayo kuwala pang'ono pamlomo. Ndabwera chothamanga. Mtundu uzichoka pakuda kupita pakuyera pang'onopang'ono. Tsopano chala chimafuna kulowamo!

Nyumba ndaijambula ya ngodya zinayi, monga zimakhalira, dzenje lokhalo losiyana ndi anzake pa mzere wakutsogolo. Pangodya ya thabwa ndaikapo chipsera chakuda. Pa lathu chinalipo, pamene koloboyi anagwera ndili wamng'ono. Palibe adzachizindikire. Ndachiika basi.

Nzeru ya lero, ndipo ndadzitama nayo: kujambula mbali yanga yokha, kenako kuuza foni kuti iitembenuze ngati pagalasi kuti ikhale ya mnzanga. Khodi, malamulo amene ndimalembera foni, yafupika ndi theka. Ulesi wanzeru.

Lachiwiri, 27 Meyi

Ndayesa pa foni ya amayi, yaing'ono ija yosweka pakona. Theka la bawo lagwera kunja kwa sikirini. Ndinalemba manambala a foni yanga ngati dziko lonse lili ndi foni yanga. Tsopano iyambe yafunsa kukula kwa sikirini, igawe magawo asanu ndi atatu, dzenje lililonse litenge gawo lake. Lakwana ponse pawiri.

Nkhomo zikuyenda! Ukakhudza dzenje n'kukokera chala kumanja kapena kumanzere, zimadumpha imodziimodzi. Poyamba zimaunjikana pamalo amodzi, zisanu kuoneka ngati imodzi. Ndazimwaza pang'ono m'dzenjemo.

Shafi anabwera ndi chikwama chatsopano cha laputopu. Chopanda kanthu. Wachiika pabedi langa, akuti ayeze ngati ikukwana. "Msuweni, uziipukuta fumbi, ndisadzailandire yakuda." Ndamuuza kuti chikwamacho n'chabwino kunyamulira usipa. Waseka mpaka kutsokomola. Shafi si woipa. Mkazi wake ndi woyembekezera ndipo benchi yake kumsika ili pululu. Zimenezo ndiye zimandilasa.

Bandulo yatha. Zotsala ndiziganiza ndi mutu wanga.

Loweruka, 31 Meyi

Lero ndiye lero.

Amayi anandituma kwa che Atumani ndi kanzu yanga ya Idi, aifutukule, mikono yafupika. Kuwoloka msewu kunalibe kuthawa. Akundiyeza, foni inagwa m'thumba, bawo lili poyera. Anaitola iwo. Magalasi pamphuno. Anayang'anitsitsa. Kenako kuitana anzawo onse a pakhonde.

Poyamba kuyamikira. Wina mpaka anakanda sikirini ndi chikhadabo kuti aone ngati maenjewo ndi enieni.

Kenako che Atumani anayamba kugwedezeka mapewa. "Mwanangu, nyumba izi zayang'anizana khomo ndi khomo ngati za akazi a mitala. Pamudzi pamenepa anthu adzagona?" Khonde lonse kugwa ndi phwete. Wina anawonjezera kuti mwamuna wake ndiye athawira ku Joni.

Ndayang'ana bawo lawo. Zoona. Munthu aliyense nyumba yake ili kudzanja lake lamanja. Mukakhala moyang'anizana, nyumbazo zimaphonyana, ina uku ina uko. Galasi langa lija linaika nyumba ya mnzanga kumanzere kwake. Galasi limasinthanitsa manja, ndimadziwa, ndimadziona m'mawa uliwonse. Ndipo sabata yatha ndinaima tsidya lija nthawi yonse ija, kuyang'ana mithunzi, nyumba osaziona.

Manyazi anandigwira. Koma ndinasekanso, sindikudziwa chifukwa. Akanakhala ababa ndiwo aona zimenezi?

Potuluka, che Atumani: "Ukakonza ubwere nalo. Bawo saweruza ndi maso, amaweruza ndi dzanja."

Lamulungu, 1 Juni

Osati galasi, koma kuzunguza. Mbali yanga izungulire theka la bwalo, ngati munthu wanyamuka n'kukakhala tsidya linalo. Mzere umodzi wa khodi. Nyumba zaphonyana bwinobwino, mitala yatha.

Koma taonani. Maenje a mnzanga asanduka timapiri! Mbali yanga mabowo, mbali yake zotupa. Rahma: "Uku mbale, uku zitumbuwa." Sindinasinthe mtundu ngakhale umodzi. Ndatseka, ndatsegula, chimodzimodzi.

Magetsi anazima masana, batire n'kutha. Ndakhala pakhonde kuyang'ana mbuzi ya Idi ikudya chingwe chake. Masiku akutha. Shafi wadutsa pa njinga, waimba belu, wakweza chikwama m'mwamba.

Lachiwiri, 3 Juni

Rahma ndiye wandipulumutsa, osadziwa. M'mawa amatsuka mbale padzuwa, akuzunguza bakuli ndi chala m'malo motsuka. Bakuli likuzungulira, mthunzi m'kati mwake uli pomwepo, mbali ya dzuwa. Ndinaima ndi mswachi m'kamwa.

Ndinazunguza thabwa pamodzi ndi dzuwa lomwe! Mithunzi ya mnzanga inapita mbali yolakwika, diso n'kumaona chotupa. Dzuwa ndi limodzi pa bawo lonse. Zungulitsa malo a maenje okha, mthunzi ujambule pambuyo, onse mbali imodzi.

Ku sukulu ndalemba khodi kuseri kwa kope la Chichewa. Pobwera sindinavule ndi yunifolomu yomwe. Yatheka. Maenje onse ndi maenje.

Ndamugulira Rahma bwemba. Akufunsabe kuti walakwa chiyani.

Madzulo kwa che Atumani, ndekha, wosatumidwa. Tinaika foni pa kampando pakati pathu. Andidya mopanda chisoni, nyumba yanga kuigwetsa ndisanakhale n'kukhala bwino. Chala chawo chachikulu chimagunda maenje awiri nthawi imodzi, ndiye ndikulitse pogwira. Dandaulo lina: lilibe phokoso. "Bawo losalira ndi la kumaliro." Anandiponyera nkhomo m'dzenje la bawo lawo, ine n'kujambula kulira kwake ndi foni. Kho. Kho. Kho. Khonde lonse linakhala chete kuti ndijambule bwino, ngakhale makina osokera anaima.

Akuti ndizibwera Loweruka. Ine.

Lachinayi, 5 Juni

Ababa amayenera kufika lero. Basi yachedwa pa chipata cha Mwanza, katundu wambiri. Amayi asesa bwalo kawiri, asintha nsalu ya pawindo, akamaliza kulipira mbuzi. Mpunga wa alendo tadya tokha.

Phokoso ndalilowetsa. Nkhomo iliyonse ikagwa, kho. Amayi anatulukira kukhitchini ndi chipande m'manja, kuyang'ana pamkeka. Anabwerera.

Mantha pang'ono. Osati a laputopu okha. Ndidzayankhula nawo chiyani? Pafoni timangoti muli bwanji, sukulu ikuyenda, ikuyenda.

Lachisanu, 6 Juni

Afika, itangotha swala ya Juma. Galimoto yaing'ono kuchokera kudepoti, matumba a mizeremizere, njinga ya Rahma pamwamba. Ndi aafupi kuposa mmene ndimakumbukira. Kapena ndine. Imvi m'ndevu. Anandigwira phewa: "Wakula, bambo." Ine: "Eya." Basi.

Rahma anabisala kuseri kwa amayi mpaka anaona njinga.

Anthu tsiku lonse. Za laputopu sanafunse. Ine sindinayambitse. Foni yatentha m'thumba.

Lamulungu, 8 Juni

Dzulo Idi: swala, kuzinga mbuzi, kugawa nyama, kanzu yokwana mikono. Mpata panalibe.

Lero m'mawa mwera wagona. Shafi anafika ndi chikwama chake, wavala bwino, moni wautali kwa amalume ake. Ababa ali pamkeka ndi tiyi. Anandiyang'ana: "Tiye nazo, tione mafilimu akowo."

Ndinaika foni pamkeka pakati pathu. Sanafunse kuti n'chiyani. Chala chawo chinapita chokha kudzanja lamanja, pa nyumba yawo. "Ili pamalo pake." Kenako chinatsetsereka mpaka pangodya, pa chipsera chija, n'kuima. Nthawi yaitali. Anakhosomola, akuti tiyi wawapalira. "Koloboyi uja unagwetsa ndiwe, ukudziwa?" Sindimadziwa!

Anakhudza dzenje. Kho, kho, kho. Anaseka ngati mwana. Tasewera. Andidya, koma osati msanga ngati che Atumani, ndipo kamodzi ndinawadya nkhomo zambiri mpaka anati, "Iwe, wakuphunzitsa ndani zachipongwezi?" Ndawafotokozera za mitala. Anagona chagada pamkeka ndi kuseka. Za y wotsika pansi, za bakuli la Rahma, zonse. Sindinayankhulepo chotere chibadwire.

Shafi anakhosomola, kusisita chikwama. Ababa osadzutsa mutu: "Chikwama chabwino, mphwanga. Azakhali ako akuikiremo mwendo wa mbuzi." Kenako anamuuza kuti mawa apite naye kwa wokonza, akaone ngati kompyuta yake ingadzuke. Shafi potuluka ananditsina khutu: "Wapambana, injiniya. Koma undiikire kabawoko, ndizikaikira anthu kumsika."

Laputopu ili patebulo langa. Ikhala.

Itatha swala ya masana ababa anavala kofia, foni yanga m'thumba mwawo, akuti akabweze moni kwa che Atumani, sachedwa.

Dzuwa lapendeka. Amayi abwera kuchokera kogawa nyama kwa azakhali. Rahma wabwera akukankha njinga, bondo lonyuka, akuti sanagwe. Shafi wabweranso kudzabweza mbale. Mbuzi ya aneba imene inasowa dzulo yabwera yokha. Ababa ndi foni yanga sanabwere. Mwana wa che Atumani wangofika kumene, wefuwefu, akuti ndipite ndi chaja.