Bambo Ako Abwerera Kusitolo

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi kamdzukulu kanga. Chifuwa chija chinakasiya? Kuno tilipo, tikudzuka.

Za chisankho unamva kale. Bambo ako anagwa. Kutacha, dalaivala wa chipani anabwera kudzatenga galimoto ndi mipando yapulasitiki imene inali pakhonde. Ndinamuthandiza kunyamula. Sindinalire, sindinakondwerenso. Ndinangosesa pamene panali mipandopo.

Iwe unali wamng'ono, sungakumbuke. Bambo akowa anayamba ndi katebulo ka misomali ndi maloko m'mbali mwa msewu. Ankati akangoyang'ana chitseko, adziwiratu mahinjesi ake. Sitolo anamanga okha, malole anabwera pambuyo. Kenako anthu anayamba kuwatchula Olemekezeka, ndipo kunyumba kuno kunkangofika masuti oti ndisite.

Sabata yatha anamanga taye n'kupita kusitolo. Anakhala pakauntala ngati kale. Makasitomala ena ankangosuzumira n'kubwerera, ena ankalowa kudzafunsa za mlatho umene anawalonjeza. Potseka, bambo ako aang'ono, amene akuyendetsa sitoloyo tsopano, anawatengera pambali.

"Achimwene, musandimvere molakwa, koma nkhope yanuyi ikuthawitsa malonda. Bwanji muzikhalako kuseri?"

Bambo ako anangoti, "Chabwino."

Ndiye masiku ano amakhala m'chipinda cha katundu, pakati pa matumba a simenti, kusankhula mabawuti m'zitini zakale za penti. Palibe anawatuma. Amabwera manja ali dzimbiri lokhalokha, taye ili pakhosi. Amadya, amagona.

Dzulo kunabwera akuluakulu a chipani china. Akuti phungu wa dera loyandikana nafe watula pansi udindo, ndiye akufuna bambo ako akaimire kumeneko. Yankho akulifuna Lolemba. Bambo ako anawamvetsera mpaka kumaliza, osagwedeza n'komwe mutu. Alendo atachoka, anatembenukira kwa ine n'kundifunsa kuti, "Mayi, inu mukuti bwanji?"

Mwanawe, chilowereni ndale sanandifunsepo maganizo anga pa kanthu kalikonse. Kale ndinkalilakalaka funso limeneli, mayankho ndinali nawo odzaza pakamwa. Dzulo ndinafufuza mumtima monsemu, osapezamo kanthu. Ndinangowauza kuti tiyi akuzizira. Anamwa.

N'chifukwa chake ndakulembera. Uwaimbire foni lisanafike Lolemba. Akavomera, ndikudziwa kuti sitolo ipita, ndipo akadzagwanso sadzadzukanso. Akakana, sindikudziwa ngati munthu angakalambire m'chipinda chopanda windo chija. Iwe mtima ukadali nawo, uwauze zimene ukuona, ngakhale zowawa. Akakufunsa kuti mayi ako akuganiza chiyani, unene kuti sukudziwa. Sukhala ukunama.

Undiperekere moni kwa amuna ako ndi apongozi ako, kamwanako ukapsompsone pamphumi. Mulungu akusungeni nonse kumeneko.

Ndine,
Mayi ako